Injini yatsopano m'galimoto ya ababa

Lolemba, 14 Okutobala

Galimoto ya ababa ili ku galaja kwa che Uladi, kuno ku Balaka. Ndabwera nayo dzulo kuchokera ku Nselema. Pikapu ya msinkhu wanga, yopalasa ndi matayala onse anayi. Zaka makumi atatu ikututa nsomba ku Chiuta. Injini imamwa oyilo ngati thobwa. Utsi bii, phokoso lomveka mudzi wachitatu.

Ababa saonanso, shuga. Akufuna kukazonda achemwali awo, azakhali a Elube, ku Chiuta mvula isanatseke msewu. Anati tingopita nayo momwemo, sinawagonetsepo panjira. Ndinakana. Mphunzitsi wathunthu kukalowa m'mudzi ndi chinthu chotsokomola chonchija? Imandichititsa manyazi chiyambire ndili ku pulayimale.

Lachisanu, 18 Okutobala

Injini ina yafika. Ya kaunjika, koma yoyera, yamphamvu. Yakana kukwatirana ndi giyabokosi yakale, mabowo a mabauti sakugwirizana. Ndiye kuti giyabokosi nayonso ichoke. Che Uladi anapita ku mzikiti masana, sanabwerenso.

Injini yakale yagulidwa ndi mwini chigayo wa ku Utale. Waitenga pa ngolo. Sindinamve kalikonse mumtima.

Lachitatu, 23 Okutobala

Giyabokosi yalowa. Tsopano shafuti yopita kumbuyo yatalika ndi zala zinayi. Kudula, kuwotcherera. Ukakhudza ichi, icho chikudzuka.

Msuweni wanga Janet, amene akudwazika azakhali, waimba. Ati ayamba kusokoneza anthu. Dzulo amufunsa iyeyo kuti ndi mwana wa yani. Ndamuuza kuti tibwera sabata yamawa.

Lachisanu, 1 Novembala

Difu yakumbuyo, yomwe imazunguza matayala, inali yodyeka mano, tinapeza ina. Che Uladi awerenga mano ake kawiri ndi choko, sakufanana ndi a difu yakutsogolo. Ati m'matope matayala azidzakanganirana okhaokha mpaka china chithyoke. Tisake ina yakutsogolo. Ku Blantyre mwina.

Ndawafotokozera ababa pa foni. Ati Uladi ntchito amaidziwa. Kenako: "Ikanakhala yakale ija, bwenzi titapita n'kubwerako."

Ndinayamba kuwafunsa za mbewu.

Lachiwiri, 12 Novembala

Galimoto yatha kukonzedwa. Ndaiyesa mpaka ku Liwonde, ndakwera nayo chitunda cha ku Machinga osasintha giya. Utsi ayi, kunjenjemera ayi. Wailesi ikumveka mkati, chinthu chimene sichinachitikepo. Ndasangalala, ndisaname.

Janet anaimba katatu sabata yatha. Ndinayankha kamodzi.

Loweruka, 16 Novembala, ku Chiuta

Ndinawatenga ababa m'mawa. Atakhala anaika dzanja kutsogolo kwawo, n'kufunsa ngati ndaliza kale injini. Ndinati tikuyenda.

Mvula inagwa Lachinayi. Matope m'dambo ofika m'mawondo, malole awiri atatitimira. Ife tinangodutsa.

Pakhomo palibe anatuluka. Kale ana ankatichingamira tisanaoloke mlatho wolowera m'mudzi. Lero Janet anadzidzimuka titaima kale pabwalo.

Azakhali ali pamphasa pakhonde. Atha thupi. Ndinawatsogolera ababa, anagwada, anafufuza dzanja lawo mpaka kulipeza. Anati, achemwali, ndine Fabiano. Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuchotsa dzanja. Anawalonjera bwinobwino ngati mlendo. Anati Fabiano sanabwere, Fabiano akamabwera dziko lonse limadziwa.

Janet ati masabata awiri apitawo akanawazindikira. Ati tsiku lililonse ankapempha kuwatulutsa panja kuti azimvetsera kumsewu. Ananena akutsuka mbale, osandiyang'ana.

Ababa sanadye.

Lamulungu, 17 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndinalowa pansi pa galimoto ndi sipanala, ndamasula ekizozi, paipi ya utsi, ndaisiya pansi pa mtengo wa mango. Malaya anga oyera atha ntchito. Ndinabwerera mpaka kumlatho, n'kutembenuka. Giya yoyamba njira yonse, phazi pansi. Phokoso ngati ndege. Mbuzi kuthawa, ana kuthamangira, anthu kusuzumira pa mawindo a tchalitchi. Manyazi ndinalibe.

Ndikulowa pabwalo ndinawaona azakhali atadzutsa mutu. Anafuna kuimirira, Janet anawagwira.

Ndinazimitsa. Inazima nthawi yomweyo, mwaulemu, monga zimachitira injini zabwino.

Azakhali anamvetserabe pang'ono. Kenako anatsamiranso khoma. "Iyayi. Ya Fabiano ikamazima imatsokomola kawiri."

Ababa anali pambali pawo, phewa kukhudza phewa. Anagwedeza mutu. "Akunena zoona achemwali. Kawiri."

Nambala ya mwini chigayo uja ndilibe. Ya che Uladi sikupezeka. Mitambo yayambanso kuda chakunyanja.