Nsomba za Bambo Zilibe Nsabwe

Lolemba, 3 Malichi

Ntchito yomaliza kuti ndilandire digiri: kuwerenga nsabwe ndi misundu pa nsomba. Zaka zinayi kusukulu, mathero ake kusaka nsabwe. Malo atatu: damu, dambo, mtsinje. Nsomba iliyonse pasikelo, kenako rula, kenako kufufuza m'mamba ndi m'zipsepse. Lipoti likufunika pa 28. Ndikalephera, chaka chinanso.

Za kudamu ndi kudambo ndikugwira ndekha. Za kumtsinje akubweretsa bambo, poti ndi msodzi, ndipo mtsinjewo amaudziwa ngati anachita kukumba okha. Lero abwera nazo khumi ndi ziwiri. Jekete la kutchalitchi, ndowa yotsukidwa mpaka kuwala. Kwa mlonda wa pageti anazitchula "nsomba za mwana wanga wa sayansi." Ndinafuna kulowa pansi.

Lachinayi, 6 Malichi

Damu: nsabwe zambirimbiri. Nsomba imodzi inali nazo 26, yowonda, mutu wokhawokha.
Dambo: misundu. Umodzi unandikakamira pachala, nawonso ndauwerenga.
Mtsinje: palibe. Ngakhale imodzi. Nsomba zonenepa zokhazokha, zosalala ngati zadzola mafuta.

Fungo silikuchoka. M'basi anthu akumandisiyira mpando wonse. Ubwino wa sayansi womwe ndauona mpaka pano ndi umenewu.

Lachitatu, 12 Malichi

Za kumtsinje zakwana 48. Nsabwe ziro. A Dokotala, amene akuyang'anira ntchito yanga, avula magalasi, awapukuta, awavalanso. Akuti zoterezi sanazionepo chiyambire ntchito. Akuti mwina ndi kuthamanga kwa madzi, mwina ndi miyala. Akufuna ndikalankhule pamsonkhano wa akatswiri mwezi wamawa. Munthu amene samwetulira ngakhale pachithunzi, lero ndawaona mano.

Ndaimbira bambo. Anati: "Ndinakuuza, mtsinje wathu ndi waukhondo." Ndasangalala, sindinama. Ndagona masana ngati khanda.

Loweruka, 15 Malichi

Ndabwera kunyumba osanena, kuti ndijambule pamene bambo amaponya ukonde. Kumtsinje kulibe munthu. Ndawapeza kuseri kwa nyumba, pakampando kawo, mabeseni awiri, mchere m'kambale, pini m'manja. Nsomba pabondo. Akutola nsabwe imodziimodzi, kutsuka ndi madzi amchere, kupukuta, kuika m'ndowa. Zowonda akuponya m'beseni lina, za ndiwo.

Nkhuku zili pomwepo, zikudya digiri yanga.

Ndinawafunsa kuti akutani. Sanadzidzimuke n'komwe. Anati: "Munthu wamkulu sumupatsa nsomba ya nsabwe. Aphunzitsi ako aziti kwanu n'kwa anthu auve?" Akuti ntchito imeneyi imawatengera maola awiri, maso mpaka kuwawa.

Sindinalire. Ndinapita kukakhala kukhitchini, kuyang'ana khoma.

Lamulungu, 16 Malichi

Bambo ndinawauza tsiku loyamba kuti ndikufuna nsomba zoti ndikayeze. Sindinawauze kuti ndikufuna nsabwezo. Ndinachita manyazi kunena kuti mwana wawo wa kuyunivesite amawerenga nsabwe. Cholakwa changa. Koma lero ndawakalipira iwowo. Pamaso pa mayi. Ndinati andionongera chaka. Mawu oti "umbuli" anatuluka, sindinathe kuwabweza.

Bambo anangoti "Chabwino, mayi." Akanditcha mayi ndiye kuti zawapweteka. Sanadye.

Mayi pondiperekeza kubasi: "Anagula magalasi owerengera chifukwa cha nsabwe zakozo. Kuwerenga sadziwa."

Lachiwiri, 18 Malichi

Njira ziwiri. Kukhala chete, lipoti lipite, ndikaimirire pamsonkhano n'kunama za miyala. Palibe angadziwe, nkhuku sizilankhula. Kapena kunena.

Dzulo tsiku lonse ndinasankha kukhala chete. Lero m'mawa ndanena. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani.

A Dokotala anavula magalasi. Kenako anafunsa ngati bambo anasunga nsabwezo. Ndinati zinadyedwa. Anafunsa kuti ndi ndani. Ndinawauza. Analemba kanthu m'kabuku kawo.

Msonkhano wafa. Nsomba 48 zafufutidwa. Akuti ndipeze makumi atatu zosakhudzidwa pofika Lolemba, apo ayi tionana chaka chamawa. Pamtsinje uja ine sindingagwire ngakhale zitatu. Ndinayesapo, ukonde unakola chitsa ndi nsapato.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndaimba kanayi. Akuyankha ndi mayi. Akuti bambo ali kudimba. Bambo alibe dimba.

Ndasiya uthenga: ndapepesa, ndipo ndikufuna nsomba monga zatulukira m'madzi. Zowonda, za zilonda, za nsabwe, zonse, iliyonse m'kajumbo kake. Mayi anati: "Ukufuna bambo ako anyamule zimenezo m'basi, anthu akuona?" Ndinati eya. Anati apereka uthengawo, koma ine ndisayembekeze.

Ndatsuka sikelo. Ndatsukanso.

Lolemba, 24 Malichi

Mlonda wandiitana isanakwane eyiti. Bambo pageti. Jekete palibe, malaya a kumtsinje. Ndowa ziwiri, zokutidwa ndi thumba, zomangidwa ndi chingwe ngati muli zakuba. Kulowa akana. Sanandiyang'ane kumaso. Anati zilipo 34, sanakhudze ngakhale imodzi. Kenako motsitsa mawu: "Ukawauze aphunzitsi ako kuti wagwira ndi munthu wina."

Ndinathamanga nazo kulabu, chipinda chathu choyezera. Yoyamba: yowonda, chipsepse chodyeka, nsabwe 41. Kuposa za kudamu. Yachiwiri 17, ndi misundu iwiri. A Dokotala anayang'ana, anati ndiye nsomba zimenezi. Chaka changa chapulumuka. Ndinaseka ndekha ngati wamisala, manja ali mamba okhaokha.

Pa nsomba ya khumi ndi chisanu ndinapita pawindo kukatsegula. Nthawi itadutsa leveni. Bambo akadali pageti, padzuwa, chipewa m'manja. Ndinatsika kukawafunsa chimene akudikira, ndimayesa ndi ndowa zawo.

Akuti amafuna akhale pafupi, kuti aphunzitsi akayamba kundikalipira chifukwa cha uvewo, alowe akanene kuti wagwira ndi iwowo.