Jekete Lanu Silidulidwa

Lero zakwana zaka makumi awiri ndi chimodzi, amuna anga, chitisiyireni m'wodi ija, pabedi lachitatu kuchokera pakhomo.

Mankhwala otalikitsa moyo anafika pachipatala patangotha masabata asanu titakuikani m'manda. Masabata asanu okha. Inu munkafika kuntchito mlonda asanatsegule geti, n'kumatiseka ife ochedwa ndi kaphwete kanu kaja. Apanso munafulumira, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mukuwakumbuka a telala aja anagona bedi loyandikana ndi lanu? Anali otheratu kuposa inu, moti munkawamwetsa phala limene ndinkakubweretserani, ine n'kumakukalipirani. Aja ali moyo. Anenepa, mimba kutsogolo, imvi mbuu. Timakumana pamzere wa kuchipatala miyezi itatu iliyonse, poti inenso ndimalandira mankhwalawo, ndipo iwo amadandaula kuti benchi likuwapweteka msana, mapiritsi atopa nawo. Ine ndimangokukuta mano. Pamzerepo pamakhala anthu mazanamazana, aphunzitsi, madalaivala, amayi obereka ana, onse kachilombo komweko, onse akukalamba bwinobwino. Ndinene zoona, nsanje imandigwira. Ndikaona mkazi mnzanga akukangana ndi mwamuna wake kuti waiwala buku la kuchipatala ndani, ndimasirira mkanganowo. Munkandiuza kuti mtima wanga wansanjewu udzandidwalitsa. Pepani, sunasinthe.

Chitsirizira wathu, amene munamusiya akukwawa, akukwatiwa mwezi wamawa. Nkhope yanu amaidziwira pa chithunzi chili pakhomachi. A telala ndiwo ankamusokera yunifolomu, ndiwo anamuphunzitsa kupalasa njinga, ndipo amawaitana kuti bambo ine ndili pomwepo. Tsopano wapempha kuti iwowo adzamugwire dzanja polowa m'tchalitchi. Ndinakana masiku atatu. Mlongo wanu analira, mwana wathu woyamba anangodzuka n'kutuluka panja. Koma ndikanawakaniza chifukwa chiyani? Mlandu wawo ndi wakuti anachira basi.

Ndinavomera, koma ndinati adzavale jekete lanu labuluu lija, limene munkati lidikire ukwati wa ana. Atayesa, silinawakwane, mabatani kutalikirana. Iwo akuti alimasule msoko alikulitse, ndi ntchito ya ola limodzi. Ndinawalanda m'manja pomwepo. Zaka zoti munenepe munamanidwa, ndiye jekete lanu linenepe chifukwa cha munthu wina? Sizasi sidzalikhudza. Adzalikoloweka pamkono, mkono womwewo umene mwana adzagwire, kuti polowa m'tchalitchimo ayambe wakhudza inu.

Ine mkazi wanu, ana anu awiri ndi mlongo wanu sitidzakuiwalani, ngakhale pamalo panu paime wina.