Wotchi yanga yachotsedwa ntchito, woichotsa ndi mwana wanga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 59, kapitawo pa fakitale ina yosoka malaya kuno ku Tiruppur, m'dziko la India. Kwa zaka makumi atatu ndakhala ndikuima kumbuyo kwa osoka, wotchi ili m'manja, kuwerenga masekondi amene kolala imodzi imatenga. Wotchi imeneyi ndiyo yaphunzitsa mwana wanga wamkazi, Thenmozhi, mpaka ku yunivesite. Miyezi inayi yapitayo eni fakitale anamuika kukhala manijala wathu. Tsiku limenelo ndinagawa maswiti mpaka kwa alonda a pageti, ndipo sindibisa, ndinalira.

Koma mwanayu wasintha zinthu. Wapachika chingwe pa mzere uliwonse wa makina kuti wosoka akaona cholakwika azikoka, makina onse n'kuima. Chikhalirecho ine woimitsa makina ndinkamulembera chenjezo. Tsiku lina tikumwa khofi anandiuza kuti: "Bambo, wotchiyo muziisiya kunyumba. Zimenezo n'za zaka zana zapitazo, anthu si makina."

Sabata yamawa ndi Ayudha Puja, tsiku limene timatsuka zipangizo zathu, kuziveka maluwa ndi kuzithokoza. Chaka chilichonse wotchi yanga imakhala patsogolo penipeni. Dzulo Mayi Ponnamma, amene ndawayang'anira zaka makumi awiri, anandifunsa pagulu: "Akapitawo, chaka chino mubwera nakonso kachilombo kanu kaja kankatiwerengera nthawi ya kuchimbudzi? Ndiye tikaveke maluwa ifeyo?" Onse anafa nalo phwete.

Malaya obwezedwa chifukwa chosokedwa molakwika achepa, ndikuvomera, ndipo ndikunyadira. Koma wotchiyi ndikapita nayo ndichititsa mwana wanga manyazi, ndikaisiya ndiye kuti ndavomera kuti moyo wanga wonse ndinkalakwitsa. Kodi ndasanduka tsabola wakale?

K.S., Tiruppur

Bambo K.S.,

Yambani mwadziguguda pachifuwa. Si kapitawo aliyense amene amalera bwana wake.

Moyo wanu sunapite pachabe. Wotchi isanafike, kapitawo ankayeza ntchito ndi maso, mkwiyo ndi kukondera. Amene anayamba kuiyeza ndi wotchi ku Amereka ankathawa zimenezo. Patapita zaka, ofufuza ena anaona kuti munthu amalimbikira akadziwa kuti wina akumumvera, ndipo kenako mafakitale a galimoto ku Japan anapereka chingwe m'manja mwa wantchito. Njira iliyonse inakwera pamsana pa inzake. Thenmozhi wadziwa bwanji kuti malaya obwezedwa achepa? Wawerenga, ndipo anamuphunzitsa kuwerenga ndinu.

Komabe musadzinamize, Mayi Ponnamma sankangocheza. Zaka makumi awiri akupita kuchimbudzi mothamanga si nthabwala. Apezeni pa nthawi ya tiyi, ali okha, muwauze kuti mwamva. Musadziikire kumbuyo.

Wotchiyo ivekeni maluwa kunyumba m'mamawa, mwana wanu akuona. Yakudyetsani, ithokozeni. Kufakitale mupite opanda iyo, ndipo mupemphe kuti chingwe chija muchiveke maluwa ndinu.

Koma samalani apa. Mwana wanu adzalakwitsa tsiku lina, monga manijala aliyense, ndipo osoka onse adzacheukira kwa inu kuti aone nkhope yanu. Musadzamudzudzule pamenepo, ngakhale ndi diso lokha. Zonenazo mukanenere kunyumba, chitseko chili chotseka. Antchito amaiwala msanga kulakwitsa kwa bwana, koma sadzaiwala tsiku limene bambo ake omubereka anamupukusira mutu.