Liwu Limodzi la a Pyo

Lolemba, 4 Novembala

Busan, mvula tsiku lonse. A Pyo, mkulu wa gulu lathu, alowa mu pulogalamu yanga yoyendetsa matanki a nsomba n'kusintha liwu limodzi. Nambala ya katenthedwe ka madzi ndinaiika private, kutanthauza yotsekedwa, dala, kuti wofuna kuisintha azidzera pakhomo limene ndinalemba, lomwe limakana chilichonse choposa madigiri 24. Iwo aika public, kutanthauza yotsekukira aliyense. Tsopano aliyense azingopisa dzanja. Akuti khomo langa likuchedwetsa anthu. Kuchedwetsa chiyani? Timizere titatu basi.

Lachiwiri, 5 Novembala

A Pyo anditumizira zimene asinthazo kuti ndivomereze. Lamulo la kampani, wina aone kaye. Koma ndani anawakanirapo a Pyo? Iwo zaka makumi awiri pano, ine zitatu. Ndinalemba kuti sindikugwirizana nazo, n'kufufuta. Kulembanso, kufufutanso. Pa nkhomaliro anandiikira okha nyama m'mbale, onse akuona. "Yeo-jin mwanawe, pulogalamu si mwamuna wako, usamaichitire nsanje." Onse kuseka. Inenso kuseka, chitsiru ine. Masana ndadina batani lovomereza.

Lachisanu, 15 Novembala

Anthu ayamba kupisa manja pa nambala ija. Seok-hwan wa gulu la zapafoni ndamufunsa bwinobwino. Akuti, "Achemwali, pali potsegula, tizungulirenji?" Ndinafuna kumuwaza khofi kumaso. Kontirakiti yanga ikutha mu Disembala, ndiye ndameza mawu. Mutu ukuwawa kuyambira Lachitatu.

Lolemba, 25 Novembala

Nsomba za a Byeon, mlimi wa ku Wando amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yathu, zafa. Matanki anayi. Penapake palembedwa madigiri 34, ndipo panalibe chokana. Madzi akhala akutentha Loweruka ndi Lamlungu. Foni yawo ndinayankha ndine. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Ndazilera miyezi khumi ndi inayi, mayi." Kumbuyo kwawo ndikumva mapampu.

Lachiwiri, 26 Novembala

Lipoti latuluka. Mwini pulogalamu: ine. Wovomereza: ine. Dzina la a Pyo mulibe ngakhale pamodzi. Iwowo anandiitanira kumakwerero, kumene amasutira fodya. "Mawa pamsonkhano uwerame, upepese, nkhani ithe. Za kontirakiti ndikakulankhulira ine." Anandisisita paphewa. Dzanja lonunkha fodya. Ndakwiya mpaka mano akuwawa. Munthu wapha nsomba za eni ake, n'kumandichitiranso chifundo.

Mayi anga anaimba foni. Ndawauza kuti kuntchito zili bwino.

Lachitatu, 27 Novembala, m'mawa

Msonkhano ndi teni koloko, abwana akulu akhalapo. Ndafika seveni. Ndabweza liwu lija, private. Kompyuta yakaniratu kugwira ntchito, yandilavulira malo 31 amene anthu anapisa dzanja, paliponse mzere wake. Ndafufuza olemba, mmodzimmodzi. Seok-hwan khumi ndi anayi. A Pyo asanu ndi anayi. Mzere umene unatumiza 34 ndi wa a Pyo omwewo, wa pa 21 Novembala.

Ndasindikiza zonse, anthu asanu ndi atatu a pamsonkhano aliyense mpukutu wake. Tsamba loyamba ndi langa: 5 Novembala, dzina langa, batani lija. Silichoka, ndinadinadi. Ntchito mwina yatha lero.

Ndiwerama, inde. Kamodzi, chifukwa cha tsamba langalo. Masamba enawo eni ake aweramire okha.

A Pyo ali pakhomo, akumwetulira, akundikodola.