Nambala 297

Ngokwe, Machinga
9 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene a Swaibu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, thonje tagulitsa, koma ntchito yanga ya kulaibulale inatsala pang'ono kutha, ndipo oithetsa akanakhala bambo athu omwe.

Mwezi watha kunabwera mayi Luckness Kachingwe, amene akuchita kafukufuku wa kasanjidwe ka mabuku. Ife tinkasanja potengera msinkhu, aatali paokha, ong'ambika kumbuyo. Iwo anandionetsa kuti nzeru zonse za anthu zinapatsidwa manambala. Nyenyezi zili pa 520, ulimi pa 630, ndipo ngakhale buku limene silinalembedwe, malo ake alipo kale, akulidikira. Achimwene, ndinamva chizungulire ngati ndasuzumira m'chitsime chakuya.

Tinasanja motsata manambalawo, ndipo 297, ya Chisilamu, inathera pa shelefu ya pansi penipeni. Lachisanu, pochokera ku mzikiti, bambo anadzera kudzaona Kurani imene anapereka kulaibulaleko. Anaipeza pafupi ndi mapazi a anthu, mabuku ena ali pamwamba pake. Sanakalipe. Anaifukata pachifuwa, n'kundiuza kuti ndisadzapondenso kulaibulaleko.

Mayi Luckness anawatsatira mpaka pakhonde pathu, atamanga mpango wanga kumutu. Anafotokoza kuti nambalayo sanapeke iwo, malaibulale ambiri padziko amaitsata. Bambo anafunsa ngati ndiye kuti dziko lonse limaika Buku pansi.

"Iyayi, bambo. Nambala imangonena buku loyandikana nalo. Zoti likhale pamwamba kapena pansi timasankha ndife."

Kenako bambo anafunsa kuti mashelefuwo ndi okhomerera kapena ayi. Mawa lake tinasuntha mabuku mpaka 297 inakayambira pamwamba pa mzere wotsatira. Shelefu ya pansi ija tinaisiya yopanda kanthu, pano mukugona mphaka. Kurani ija bambo anaibweza okha, ine nditawagwirira mpando. Ntchito ndikadali nayo.

Dzulo anandifunsa ngati ku Joni kuli malaibulale, ndinati alipo akuluakulu. Iwo anati, "Umuuze Swaibu akaone pa 297, andiuze ndi pakamwa pake kuti kumeneko anaika pati." Mukudziwa kuti chichokereni inu mosatsanzika muja, dzina lanu anali asanalitchulepo. Ine sindionjezerapo kanthu.

Amayi akupereka moni, akuti nambala ya foni ya bambo sinasinthe.

Ndine mlongo wanu,
Zelifa