Uthenga wopita kwa Bambo Mwale

Lachinayi, Novembala 2008

Lero mtima wandilemera, ndipo chakudya chandikanika.

Ndikutsika kombi pa Makoni ndinakumana ndi Mayi Mwale, a kutchalitchi kwathu ku Zengeza. Amuna awo tinawaika mwezi watha, matenda a shuga. Anandigwira dzanja n'kutulutsa foni ya malemuwo. Sanaisiye, poti laini ya foni masiku ano sipezeka.

"Mwanangu, tandiwerengere. Zachokera kuntchito kwanu."

Uthengawo ndinauzindikira ndisanamalize n'komwe kuuwerenga, chifukwa ndinaulemba ndine. Kufamase komwe ndimagwira ntchito mu tawuni, ndine ndinakonza zoti kompyuta izitumiza yokha uthenga kwa kasitomala aliyense mankhwala ake akatsala pang'ono kutha. Abwana anandiyamikira pamaso pa anzanga onse, ine n'kumadzimva. Uthengawo umati, m'Chingerezi: Bambo Mwale, mankhwala anu atsala pang'ono kutha, bwerani, tikukudikirani.

Bambowa anabwera kangapo akadali moyo, mashelefu ali mbee. Ndinkawabweza ndine, ndi mawu okoma. Kumaliro kwawo ndinapita, ndinaimba nawo, manda ndinakwirira nawo. Koma kuchotsa dzina lawo mu kompyuta sindinaganizeko ngakhale pang'ono.

Mayi Mwale ndinawamasulira uthengawo m'Chichewa. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Anangofunsa kuti, "Ndiye kuti mankhwala aja afika tsopano? Mlamu wanga nayenso akuwasowa."

Sanafike. Ndinawauza choncho, iwo n'kundithokoza.

Mawa magetsi akakhalapo ndikachotsa dzinalo. Koma mu kompyutamo muli mayina ambirimbiri, ndipo sindikudziwa kuti ndi angati amene eni ake anamwalira kale.