Mayi Anabadwira Kuti?

Lolemba, 21 Julayi 2025

Pepani amene mudzapeze izi, ndakutayitsani nthawi. Ndikungolembera mutu wanga kuti usasokoneze mawu.

Uthenga pafoni m'mawa. Bungwe lomwe linkatisungira webusaiti, ife operekeza alendo kuphiri, likutseka ntchito. Lachinayi pa 31 zonse zifufutidwa. Za alendo sindikudandaula, ku Likhubula amabwerabe. Koma pamenepo pali vidiyo ya malemu mkazi wanga Emma, akuimba uku akuwotchera alendo chinangwa. Ina kulibe. Foni yomwe inajambula inapita ndi madzi a namondwe Freddy.

Chakudya chakanika.

Lachitatu, 23 Julayi

Ku Chinakanaka, pashopu ya makompyuta ya Jennifer. Ndamupempha anene pang'onopang'ono. Webusaiti ndi nyumba. Domeni ndi dzina lolembedwa pachipata. Hositing'i ndi malo omwe nyumbayo yamangidwapo, a eni. Seva ndi kompyuta yaikulu yosazimitsidwa, kumene zonse zimagona. Ena amati mtambo.

Atati mtambo ndinamudula mawu. Ine mitambo ndimaidziwa. Chiperoni chikatsika ku Sapitwa, munthu ali pambali pako sumuona. Jennifer anaseka: "Madala, si mtambo wanuwo, ndi chipinda cha makompyuta ndi mafani kunja uko."

Chofunika ndi bakapu, kutanthauza kukopera vidiyoyo pafulashi. Koma khomo ndi pasiwedi. Amene anakonza zonsezi m'dzina langa ndi mwana wanga Edna, asanakwatiwe ku Gurue, ku Mozambique. Pasiwedi sindinamufunsepo. Ndamulembera pa WhatsApp. Kachongi kamodzi, kotuwa. Uthenga sunafike.

Loweruka, 26 Julayi

Kachongi kamodzibe. Netiweki ya kumeneko, kapena Edna wadwala? Ali ndi pakati.

Jennifer wapeza njira ina. Ukaiwala pasiwedi, kompyuta imafunsa funso lomwe unasankha kale. Lathu: mayi anabadwira kuti? Ukalakwa katatu imatseka, osatsegulanso.

Ndinati Mulanje, monga zilili pachiphaso cha Emma. Yakana, zilembo zofiira. Ndinakumbuka kuti Emma anabadwira kutsidya kwa Muloza, makolo ake anangolembetsa Mulanje atathawa nkhondo. Ndinati lemba Milanje. Yakananso.

Jennifer anachotsa manja pakiyibodi. "Kwatsala kamodzi. Ine sindigwiranso, mungadzandide."

Panjira ndinadutsa pakhomo panga osazindikira.

Lachiwiri, 29 Julayi

Dzulo sindinakwere phiri. Alendo ndinapatsa Paul, mnzanga wa ntchito. Phazi silingaponde bwino mwala mutu uli kwina.

Kutsidya amalemba Milange, ndi g, Chipwitikizi. Edna anaphunzira, mwina analemba choncho. Ndinali nditavala kale nsapato kuti ndikayese. Kenako ndinakhala pansi. Webusaiti ili m'dzina langa. Nanga ngati funsolo likunena mayi anga, osati a Edna? Amayi anabadwira ku Thuchila. Milange kapena Thuchila. Mpata umodzi.

Jennifer wandibwereka foni yake yaikulu kuti ndijambule vidiyoyo ikusewera pakompyuta, zikavuta. Tayesa. Nkhope yatuluka mizeremizere, mawu aphimbidwa ndi chigayo cha pafupi. Si Emma ameneyo.

Ndaionera kawiri yeniyeniyo. Pomaliza amatembenuka, amati, "Lyson, chinangwa chikupserera, iwe uli ndi nyimbo." Chonsecho woimba anali iye.

Lachitatu, 30 Julayi

Machongi awiri! Abuluu. Wawerenga, ndiye kuti ali moyo. Pamwamba panaoneka kuti akulemba. Ndinagwira foni ndi manja onse. Kenako zii. Netiweki yathawanso, kapena nayenso waiwala?

Ndatumiza izi, ndikuzikopera muno momwe zilili:

Edna mwanawe, pepa kukuvutitsa uli wotopa. Usalembe zambiri, bandulo ingakuthere. Pafunso lija unkanena mayi ako kapena mayi anga? Ngati ako, g kapena chilembo china? Ngati waiwala, nenanso, ndisankha ndekha ndipo sindidzakuimba mlandu. Koma undiyankhe lisanafike mawa, Lachinayi. Ndili pabenchi pashopu ya Jennifer, fulashi ili m'thumba la malaya.